Msana ukuwawa panjinga yamoto: kodi ndigule chishalo china?

Kalata yoyamba lero yachokera ku Utale m'boma la Balaka. Alemba ndi bambo a kabaza wa njinga yamoto, amene amanyamula anthu kuchokera kumishoni kupita ku Balaka, nthawi zinanso ku Nkaya kokwerera sitima. Akuti: "Pofika madzulo msana ndi chiuno zimandiwawa. Ndinadula siponji ya matiresi n'kuimangirira pachishalo ndi malegeni, koma ululu sunathe. Kodi ndigule chishalo china?"

Bambo, musathamangire kugula. Siponji mwamangirirayo singakuthandizeni. Ya matiresi anaipangira munthu wogona, amene kulemera kwake kumamwazikana thupi lonse. Inu mukakhala, thupi lonse limatsamira pa mafupa awiri am'chiuno, ndiye siponji yofewa imangophwa mpaka mafupawo akagunde pansi polimba pa chishalo. Chachiwiri, yakukwezani m'mwamba. M'njira zafumbi zakwanuko tayala likangolowa mumchenga phazi limafunika kuponda pansi msanga, ndipo chinthu chomangirira ndi malegeni chimaseseleka pokhota. Siponjiyo ichotseni lero lomwe.

Masulani chishalocho mupite nacho kwa okonza masofa ku Balaka, ndipo njinga mupite nayo. Akasenda chikopa muone siponji yam'kati. Ngati yaphwa pakati kapena ikufumbutuka, aike ina yolimba, imene mukaikanikiza ndi chala imabwerera nthawi yomweyo. Yofewa ikhale yopyapyala, pamwamba pokha. Asanakhome chikopa, ikani chishalo panjinga mukhalepo, manja ali pazogwirira. Pokhala panu pakhale potambalala, koma kutsogolo kufupi ndi thanki achepetse m'mbali kuti miyendo izitsika bwino. Chisapendekere kutsogolo. Ichi ambiri sachiona, komatu chishalo chotsetsereka chimakukankhirani kuthanki, mikono ndi msana n'kumalimbana nacho tsiku lonse. Muwauzenso ayale pepala la pulasitiki pakati pa siponji ndi chikopa, chifukwa siponji ikamwa madzi a mvula imachedwa kuuma ndipo imaola.

Musaiwale masipuling'i akumbuyo. Njinga zambiri za kabaza zili ndi mphete yamano pansi pa sipuling'i iliyonse, yolimbitsira kapena kufewetsera malinga ndi katundu. Mbali zonse ziwiri zikhale pa dzino lofanana. Ngati m'kati mwake mukuchucha oilo, atha, ndipo palibe siponji imene ingabise zimenezo. Matayala nawonso musawapope mpaka kuuma gwa. Koma dzanzi likamatsika mwendo mpaka kuphazi, imeneyo si nkhani ya chishalo. Pitani kuchipatala cha mishoni konko kapena cha boma ku Balaka akakuoneni.

Kalata yachiwiri alemba ndi mayi ochita geni, a ku Utale komweko. Akuti: "Anyamata ena akutalikitsa chishalo ndi thabwa mpaka pakaliyala kuti azitikweza awiri kapena atatu. Kodi n'zabwino?"

Mayi, ayi, ndipo chonde musakwere. Njinga imeneyi ili ndi mopondera mapazi mwa wokwera mmodzi yekha. Wachiwiri miyendo imalendewera pafupi ndi sipoko ndi paipi yotentha ya utsi. Kulemera kukapitirira kumbuyo kwa tayala, kutsogolo kumapepuka, woyendetsa n'kulephera kuwongolera. Ndimamva chisoni, chifukwa ndikudziwa kuti mumatero pofuna kugawana mtengo wa ulendo, koma amene amayamba kugwa ndi wakumapetoyo, ndipo kawirikawiri amakhala alibe chisoti.

Mnyamata wina wa ku Phalula wafunsa za kutentha kwa chishalo m'mwezi wa Okutobala. Achimwene, chikopa chakuda chimamwa dzuwa. Gulani chovindikira chaukonde chija amagulitsa m'mashopu a sipeya, chimalola mphepo kudutsa pansi panu. Muchimange chokoka bwino kuti chisamayendeyende, ndipo podikira makasitomala njinga muziimika pamthunzi kapena kufunditsa chishalo ndi thumba loyera.