Mzere Wautali Umabisa Mchira

Ana anga amene mwayamba kulemba mapulogalamu a kompyuta, tcherani khutu. Dulani mizere yanu. Ndikubwereza, dulani mizere yanu.

Ndikudziwa zimene mumanena. Mumati sikirini za masiku ano ndi zazikulu, ndipo malire a zilembo 80 ndi za agogo. Pa za agogozo simunama. Nambalayi inachokera pa makadi obowola a IBM a mu 1928, amene ankatenga zilembo 80 basi. Kenako sikirini zakale monga VT100 ya mu 1978 zinatengera muyeso womwewo. Mu Fortran yakale zinali zoopsa kwambiri: kompyuta inkawerenga mpaka chilembo cha 72, ndipo chilichonse chopitirira pamenepo inkachinyalanyaza osakuchenjeza n'komwe.

Makadi anapita, inde. Koma diso la munthu silinakule. Likayenda mtunda wautali kupita kumanja, pobwerera limasokonezeka, osadziwa mzere umene linachokera. Mutu nawo sugwira zinthu zambiri nthawi imodzi.

Ine ndinali wamakani ngati inu. Ndinkanyadira kuthira zonse pa mzere umodzi, ndikumadziona katswiri. Tsiku lina ndinalemba mzere wa "if" mu pulogalamu yowerengera malipiro a antchito. Unali ndi "and" ndi "or" zolukanalukana, ndipo mchira wake unatuluka kunja kwa sikirini. Cholakwika chinali kumchirako. Mnzanga woona ntchito yanga anawerenga zimene maso ake anaona, n'kuvomereza. Sanakankhire kumanja. Ndani amakankhira kumanja akatopa? Mwezi utatha, anthu ena analandira ndalama zoperewera. Anthu a mabanja, ana anga, oyembekezera kulipira lendi ndi fizi. Ndinagona mu ofesi kufunafuna vutolo, ndipo ndinkaudutsa mzerewo mobwerezabwereza osauona mchira wake. Kukonza kunali kosavuta. Chovuta chinali kubwezera chikhulupiriro. Kwa nthawi yaitali abwana sankandilola kukhudza za ndalama popanda wina wondiyang'anira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono musakanganirane nambala. Malamulo a kalembedwe ka Python otchedwa PEP 8 amati zilembo 79, ndipo ndemanga zisapitirire 72. Chida cha Black chimadula pa 88. A Google pa Java amalola 100. Ngakhale a Linux, amene anaumirira 80 kwa zaka zambiri, mu 2020 anamasula chingwe mpaka 100, mtsogoleri wawo Linus Torvalds atadandaula kuti kudula mizere mokakamiza kumawononganso kawerengedwe. Akuluakulu onsewa sagwirizana pa nambala, koma palibe mwa iwo amene amati lembani mpaka kumene mufuna. Gwirizanani imodzi pagulu lanu, muiike m'chida chokonza khodi, nkhani ithere pomwepo. Ndaonapo anyamata akutha theka la tsiku kukangana za 80 ndi 100, ntchito ili chiimire.

Chenjezo lina ndi ili, ndipo limvetseni bwino. Musadule maina kuti mzere ukwane. Wina akaona kuti wapitirira malire, amatenga dzina lomveka ngati "malipiro_a_mwezi" n'kulisandutsa "mm". Wakwanitsa lamulo, wapha tanthauzo. Kumeneko ndi kudzinamiza. Mzere ukatalika, ukukuuzani kanthu. Mwina wanyamula maganizo atatu. Apatuleni, lililonse likhale ndi dzina lake pa mzere wake. Mwina khodi yanu yalowa m'kati kwambiri, "if" m'kati mwa "for" m'kati mwa "if" ina, mpaka theka la mzere ndi mpata wopanda kanthu. Pamenepo musalimbane ndi malire. Tulutsani chigawocho chikhale function payokha.

Zilipo zosadulika, monga adiresi yaitali ya pa intaneti. Isiyeni momwemo, musaithyole pakati.

Kumbukiraninso kuti si onse ali ndi sikirini ngati yanu. Mnzanu ali pa laputopu yaing'ono, watsegula khodi yakale kumanzere, yatsopano kumanja, kuti aone chimene mwasintha. Malo ake ndi theka la theka. Wina akuwerenga pa foni ali m'minibasi chifukwa pulogalamu yagwa usiku. Musanatumize ntchito yanu, chepetsani windo lanu lifike theka, muwerenge mzere uliwonse mpaka kumapeto kwake. Umene ukukukakamizani kukankhira kumanja, ubwerereni.