Ngozi za Njinga Yamoto: Samalani Maso ndi Nkhope

Masiku ano njinga zamoto zafika paliponse. Kumene basi sifika, njinga yamoto imafika. Imadutsa m'tinjira ta m'minda, m'madambo ndi m'mapiri. Imanyamula wodwala, thumba la fetereza, ngakhale mbuzi. Ambiri a ife tidakwerapo kabaza. Enafe ana athu ndiwo amayendetsa.

Koma njira za kumudzi si msewu wa tala ayi. Muli mchenga, maenje, zitsa ndi miyala. Nthawi ya dzinja muli matope oterera. Tayala likatsetsereka, munthu amagwa chamutu, ndipo nkhope imamenya pansi. Zomwezi zimaonekanso kwa amene wagwa pa thirakitala, pa ngolo, kapena kumbuyo kwa matola.

Akuluakulu adati chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina inu mudzapeza munthu atagwa panjira, nkhope ili magazi okhaokha. Mudzatani? Zimene mudzachite tsiku limenelo zikhoza kupulumutsa diso lake, kapena kulipha. Tiyeni tiphunzire.

Mmene diso lidakhalira

Tagwirani pa nsidze yanu. Pali fupa lolimba, si choncho? Tagwiraninso pamwamba pa tsaya. Palinso fupa. Diso limakhala m'kadzenje kopangidwa ndi mafupa 7. Mafupa a m'mphepete ndi olimba. Koma a m'kati, kumunsi kwa diso ndi kumbali ya mphuno, ndi opyapyala ngati pepala. Munthu akamenyetsa nkhope pa mwala kapena pa handulo ya njinga, mafupa opyapyalawa amatha kusweka ngakhale kunja kulibe bala.

Diso lenilenilo lili ngati kampira kofewa. M'kati mwake muli madzi ndi zinthu zonanda. Kamtengo, waya kapena galasi likaboola kampiraka, za m'kati zimatha kutuluka. Zikatuluka sizibwereranso. N'chifukwa chake diso lovulala silifuna kufinya kapena kutikita.

Yambani ndi moyo wa munthu

Tiyerekeze kuti mukuchokera kumsika. Patsogolo panu mnyamata wa kabaza wagunda chitsa, khu! Wagwa chafufumimba. Musathamangire diso msanga. Yambani mwaona ngati akupuma.

Muitaneni: "Achimwene, mukundimva?" Akayankha, muuzeni asadzuke msanga. Ngati akudandaula khosi, musamupinde mutu. Ngati wakomoka koma akupuma, mugonekeni chammbali, wina atagwira mutu kuti usapotoke. Mukatero magazi ndi masanzi zimatuluka kunja, sizimutsamwitsa. Munthu wokomoka musamumwetse madzi.

Bala la pachipumi kapena patsaya limatulutsa magazi ambiri, moti limaopsa. Musachite mantha. Tengani nsalu yoyera, ikani pabalapo, ndipo kanikizani kwa mphindi 10 osachotsa. Koma pa diso penipeni musakanikize.

Akamatuluka kamfuno ndipo ali maso, akhale tsonga, aweramitse mutu kutsogolo, atsine mphuno pofewa kwa mphindi 10. Asagadamitse mutu, chifukwa magazi amatsikira kukhosi.

Zizindikiro zoti diso lili pa ngozi

Tsopano yang'anani diso, koma osaligwira. Ngati chikope chatupa n'kutseka, musachitsegule mokakamiza. Zoopsa ndi izi:

1. Munthu sakuona bwino, kapena akuona mbuu ngati nkhungu.
2. Akuona chinthu chimodzi ngati ziwiri.
3. Magazi adikha m'kati mwa diso, pakuda paja.
4. Kamwana ka diso sikali kozungulira ngati ka diso linalo.
5. Diso silikutha kuyang'ana kumwamba kapena kumbali.
6. Diso lalowa m'kati, kapena latong'oka.
7. Tsaya ndi mlomo wam'mwamba zachita dzanzi.
8. Chinthu chabaya diso, kapena chikope chang'ambika.

Mukaona chimodzi chokha mwa zimenezi, ulendo wa kuchipatala ndi wa lero lomwe. Osati mawa ayi. Diso loboola limafunika kusokedwa pasanathe maola 24. Mukachedwa, tizilombo timalowa m'kati, diso limachita mafinya, kenaka basi lafa.

Zoyenera kuchita

Phimbani disolo ndi chinthu cholimba chosakhudza diso. Kapu yoyera ya pulasitiki ikhoza kuthandiza. Mukhozanso kudula kunsi kwa botolo la pulasitiki. Vundikirani padisopo kuti m'mphepete mwake mutsamire pa mafupa, osati pa diso. Mangani pang'ono ndi nsalu kapena pulasitala kuti isagwe.

Wovulalayo akhale mutu uli m'mwamba. Asawerame, asanyamule katundu. Asadye kapena kumwa kanthu m'njira, chifukwa mwina adokotala adzafuna kumugoneka tulo kuti asoke disolo.

Zosayenera kuchita

Musazule kamtengo, waya kapena galasi limene labaya diso. Lisiyeni momwemo. Adokotala ndiwo adziwa kachotsedwe kake.

Musathire kanthu m'diso lovulala. Pangozi pamabwera alangizi ambiri. Wina adzati, "Finyiranimo masamba awa." Wina adzati, "Mkaka wa m'mawere ndiye mankhwala." Winanso adzabwera ndi shuga, mchere kapena mankhwala a m'maso otsala kunyumba kwake. Onsewa amafuna kuthandiza ndithu, koma akanizeni mwaulemu. Zinthu zimenezi zimalowetsa tizilombo ndipo zina zimaotcha diso. Maso ambiri amene akadachira amafa chifukwa cha zothirathira.

Wovulala m'mbali mwa diso asamine. Fupa lopyapyala lija likasweka, mpweya wa m'mphuno umalowa kuseri kwa chikope, ndipo nkhope imafufuma nthawi yomweyo.

Musamupatse asipirini, chifukwa amachititsa magazi kutuluka kwambiri.

Nanga kutsuka diso?

Pali nthawi imodzi imene kutsuka n'kofunika msangamsanga. Njinga ikagwa, petulo kapena asidi wa m'batire amatha kudonthera m'maso. Zikatero thirani madzi oyera ambiri m'disomo, kosalekeza, kwa mphindi 20. Madziwo azitsikira kumbali ya khutu, osati ku diso linalo. Mukatha, pitani kuchipatala.

Fumbi kapena kachitsotso kakang'ono mukhozanso kutsuka ndi madzi oyera. Osachotsa ndi lilime, kamtengo kapena chikhadabo. Koma ngati diso labooka, musatsuke. Phimbani basi.

Mano ndi nsagwada

Dzino la munthu wamkulu likaguluka lonse, musalitaye. Litoleni pogwira kumutu kwake, osati kumuzu. Musalipale. Liikeni m'kapu ya mkaka, ndipo thamangirani nalo kuchipatala. Likabwezeredwa pasanathe ola limodzi, limatha kugwiranso. Mano oyamba a mwana sabwezeredwa.

Ngati munthu akulephera kutsegula pakamwa, kapena mano ake sakulumana monga kale, mwina nsagwada yathyoka. Nayenso apite kuchipatala.

Chenjeraninso ndi izi: kusanza kawirikawiri, tulo tosadzuka nato, kuyankhula zosokonekera, kukomoka, ndi madzi oyera otuluka m'mphuno kapena m'khutu. Zimenezi zimasonyeza kuti mutu wavulala m'kati. Musadikire.

Kopita

Pitani ku chipatala chimene muli nacho pafupi, ndipo tengani buku la kuchipatala la wovulalayo. Fotokozani bwino nthawi imene ngozi idachitika ndi chimene chidamenya diso. Ngati wina adathiramo kanthu, nenani, osabisa. Funsaninso za katemera wa kafumbata, chifukwa bala lolowa dothi limabweretsa matendawa.

Achipatala akaona kuti vuto ndi lalikulu, adzakutumizani kwa akatswiri a maso. Iwowa amapezeka ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central, Mzuzu Central, ndi ku Nkhoma. Akakutumizani, pitani. Ndalama yoyendera imavuta, inde. Koma abale akhoza kusonkha. Mbuzi mukagulitsa mudzagula ina. Nanga diso mudzaligula kuti?

Mukabwerera kunyumba

Tsatirani tsiku limene adokotala anena kuti mubwerenso, ngakhale ululu utatha. Magazi a m'kati mwa diso amatha kutulukanso m'masiku 5 oyamba, choncho wodwalayo apume, asagwire khasu. Patapita masabata kapena miyezi, ena amayamba kuona kung'anima ngati mphezi, timadontho takuda tambiri, kapena mdima wotsika ngati chinsalu. Ena diso labwino lija limayamba kufiira ndi kuwawa. Zikatero bwererani kuchipatala msanga.

Kupewa

Mu 2023 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza kuti anthu oposa 1 miliyoni amafa chaka chilichonse pa ngozi za pamsewu. Ofufuza adapezanso kuti mwa anthu 10 amene akadavulala m'mutu pa njinga yamoto, pafupifupi 7 amapulumuka ngati avala chisoti cholimba chija timati helemeti. Malamulo a pamsewu a dziko lino amati woyendetsa ndi wokwera onse avale chisoti.

Koma zisoti zimasiyana. Chongophimba pamutu chimasiya nkhope pamtunda. Chabwino ndi chophimba chibwano, chokhala ndi galasi la pulasitiki kutsogolo. Galasilo limatchinga nthambi, timiyala ndi tizilombo touluka. Mangani lamba wake pansi pa chibwano. Chisoti chosamanga chimavuka munthu asadafike pansi. Chokoloweka pa handulo sichiteteza munthu.

Inu okwera, muli ndi pakamwa. Woyendetsa akathamanga, nenani: "Achimwene, chepetsani liwiro, kuthamanga si kufika." Ngati akununkha mowa, tsikani. Musalole kukwera anthu atatu kapena anayi pa njinga imodzi. Musakwere usiku njinga yopanda nyali. Inu makolo, musalole ana kuyendetsa njinga yamoto, kapena kulendewera pa thirakitala ndi pa ngolo.

Kumbukirani

Musatikite. Musazule. Musathire kanthu. Phimbani, ndipo pitani kuchipatala lero lomwe.

Mafunso

1. Tchulani zizindikiro zitatu zosonyeza kuti diso lili pa ngozi.
2. Chifukwa chiyani sitiyenera kuzula kamtengo kamene kabaya diso?
3. Ndi nthawi iti imene tiyenera kutsuka diso ndi madzi ambiri?
4. Dzino la munthu wamkulu likaguluka, timalisunga bwanji?
5. Kambiranani ndi anzanu: m'dera lanu, ndi malo ati amene njinga zimagwa kawirikawiri? Nanga inu ndi amfumu anu mungachitepo chiyani?
6. Lembani m'kope mwanu dzina la chipatala chimene muli nacho pafupi.