ULENDO WA KU MZINDA WAKALE WA YORK

Anthu a ku Ulaya ali ndi mwambo wina wokoma. Masukulu akatsekera, atate ndi amai amatenga ana ao napita nao kukaona mizinda yakale ya dziko lao, kapena ya maiko oyandikana nao. Ena amapita ku Bruges m'dziko la Belgium, kumene ngalande za madzi zimadutsa pakati pa nyumba. Ena amapita ku Pompeii m'dziko la Italy, mzinda umene unakwiririka ndi phulusa la phiri la moto m'caka ca 79. Sapita kukagula malonda kapena kukafuna nchito iai; amapita kukapenya ndi maso ao zimene anawerenga m'mabuku.

Banja lina la ku London linapangana kupita ku York, kumpoto kwa dziko la England. M'banjamo munali atate, amai, mnyamata wa zaka 12 ndi mlongo wace wa zaka 9. Mnyamatayo sanakondwere nao ulendowo. Iye anati, "Atate, ku Yorkko kuli ciani? Si miyala yokha-yokha kodi? Anzanga onse apita kunyanja kukasambira." Atate wace anangomwetulira nati, "Ukaone wekha, mwana wanga."

M'mawa mwace anakwera sitima ya pamtunda. Kucokera ku London kufika ku York ndi mtunda wa makilomita pafupi-fupi 300, koma sitima imangotenga maola awiri.

LINGA LA MZINDA

Ataturuka m'sitima, cinthu coyamba cimene anaona cinali linga lalitali la miyala, lomangidwa pamwamba pa mtumbira wa dothi. Lingali lizinga mzinda wakale, ndipo utali wace upitirira makilomita 3. Pamwamba pace pali kanjira koyendamo anthu. Onse anakwera nayamba kuyenda, amai atagwira dzanja la mtsikana.

Ali kuyenda, atate anawafotokozera ciyambi ca mzindawo. Asilikali a Aroma ndiwo anayamba kumanga pamalopo m'caka ca 71, naucha mudziwo Eboracum. Anasankha malo amene mitsinje iwiri, Ouse ndi Foss, ikomana, pakuti madzi anawachinjiriza kwa adani, ndiponso zombo zinatha kufika ndi katundu kucokera kunyanja. Mfumu yaikulu ya Aroma, dzina lace Septimius Severus, inamwalira komweko m'caka ca 211. Mfumuyi inabadwira mu Africa, ku Leptis Magna, m'dziko limene lero lichedwa Libya. M'caka ca 306 asilikali a mumzindamo analonga Constantine ufumu, ndipo iye ndiye anadzaleketsa kuzunza Akristu.

Linga limene lioneka lero linamangidwa pambuyo pace, makamaka pakati pa zaka za 1100 ndi 1400. Lili ndi zipata zazikulu zinai. Masiku akale zipatazi zinali kutsekedwa usiku, ndipo amalonda olowa ndi katundu anali kulipira msonkho pomwepo.

MSOMALI M'THUMBA

Atafika pamalo pena, mnyamata anatsalira m'mbuyo. Anaturutsa kamsomali m'thumba mwace, nafuna kulemba dzina lace pa mwala wa linga, kuti anzace akadzafikako adzadziwe kuti iye anapondapo. Koma mlongo wace anaceuka napfuula, "Amai, taonani zimene acita acimwene!"

Atate anabwerera, koma sanammenye. Anatenga msomaliwo, namuuza kuti akhale pansi. Tsono anati, "Mvera, mwana wanga. M'caka ca 1800 akulu oyang'anira mzinda uno anafuna kugwetsa linga lonseli. Anati nkhondo zinatha kale, lingali lingodya ndalama, ndipo zipata zace zicepera ngolo. Anapempha cilolezo ku Nyumba ya Malamulo, ndipo mbali zina anazigwetsadi. Koma anthu ambiri anakana kolimba. Mmodzi wa iwo anali William Etty, mmisiri wa zithunzi wobadwira muno. Cifukwa ca kukana kwao, ife lero tiri kuyenda pano. Tsiku ndi tsiku pamapita anthu ambiri-mbiri. Aliyense akalembapo dzina lace, patsala ciani? Cimene cinalephera akulu aja ndi nyundo zao, iwe ufuna kucitsiriza ndi msomali kodi?"

Mnyamata anagwidwa manyazi, nawerama osayankha kanthu. Pambuyo pace, atatsika pa cipata ca Bootham Bar, anaona fano la William Etty litaimirira pabwalo, ndipo analiyang'ana nthawi yaitali.

NYUMBA YAIKULU YA MULUNGU

Kucokera apo analowa m'chalichi cacikulu cochedwa York Minster, cimene nsanja zace zioneka kutali. Chalichi coyamba ca Minster cinali caching'ono, ca mitengo, ndipo mfumu Edwin inabatizidwamo m'caka ca 627. Koma cimene ciripo lero anayamba kucimanga ca m'ma 1220, nacitsiriza m'caka ca 1472. Nchitoyo inatenga zaka pafupi-fupi 250. Osema miyala amene anaika maziko anadziwa kuti sadzaona denga, angakhale ana ao kapena adzukulu ao; komabe anasema mwala uli wonse mosamala.

Kum'mawa kwa chalichico kuli zenera lalikulu koposa la magalasi a mawanga-mawanga, limene John Thornton ndi anchito ace analikonza kuyambira 1405 kufikira 1408. Masiku amenewo anthu ambiri sanadziwe kuwerenga. Cotero zithunzi za pa zenera zinali ngati buku lao, zakuwaphunzitsa za ciyambi ndi cimariziro ca dziko.

Tsono amai anatenga ana kumbali ya kumwera, nawauza za tsoka la usiku wa pa 9 July, 1984. Moto unabuka kudenga, ndipo ambiri akhulupirira kuti mphezi ndiyo inauyatsa. Ozima moto anaona kuti ukayenderera udzatha chalichi conse, motero anathira madzi amphamvu mwadala kufikira denga la mbaliyo linagwa pansi. Anataya mbali imodzi kuti apulumutse zotsalazo. Zenera lobulungira la pamenepo linang'aluka m'tizidutswa pafupi-fupi 40,000 cifukwa ca kutentha, koma silinagwe. Amisiri analitsitsa pang'ono-pang'ono, namata tizidutswato, nalibwezera m'malo mwace. Nchito yonse inatha m'caka ca 1988.

"Tsopano yang'anani kumwamba," anatero amai. Pa denga latsopanolo pali zosema zokongola, ndipo 6 mwa izo zinasemedwa potsata zithunzi zimene ana anajambula pa mpikisano. Cimodzi cionetsa munthu ali pa mwezi, cina cionetsa namgumi. Mnyamata anadabwa nati, "Ana anzanga anajambula zimenezi, Amai?" Amai anati, "Inde, ndipo zidzakhala pomwepo zaka zambiri. Iyo ndiyo njira yabwino yosiyira cizindikilo cako pa nyumba yakale."

Pambuyo pace atate ndi ana anakwera nsanja ya pakati. Makwerero ace ali 275, opapatiza ndi ozungulira. Anafika pamwamba ali wefu-wefu, naona mzinda wonse pansi pao: madenga ofiira, mitsinje iwiri ija, ndi linga lozinga ngati mkanda.

ZA PANSI PA NTHAKA

Atadya cakudya ca masana anadzera mu Shambles, kamseu kopapatiza kamene kale kanali ka ogulitsa nyama. Nyumba zace ndi za mitengo, ndipo zipinda za pamwamba ziturukira kunja kotero kuti mthunzi sucoka m'kamseumo. Pa nyumba zina zikalipo ngowe zimene anali kupacikapo nyama.

Potsiriza anafika ku Coppergate. M'caka ca 866 a Viking, anthu a zombo ocokera ku maiko a kumpoto monga Denmark, analanda mzindawo naucha Jorvik. Dzina la York linacokera pamenepo. Nyumba zao zinakwiririka niziiwalika. Koma kuyambira 1976 kufikira 1981 akatswiri anakumba pamalopo, napeza zotsala za nyumba za mitengo, nsapato za cikopa, zipeso za nyanga, ndi sokosi imodzi ya ubweya. Zinthuzi sizinaole cifukwa dothi la pamenepo ndi lonyowa ndipo mpweya sulowamo. Anapezanso nsaru ya silika ndi cigoba ca m'nyanja yakutali, zimene zisonyeza kuti anthuwo anacita malonda ndi maiko akutali ndithu. M'caka ca 1984 anatsegula pamalo omwewo nyumba yoonetseramo zinthuzi.

Mtsikana anaima pa nsapato zija nati, "Amai, mwini wace anali kumva cisanu ngati ife." Amai anabvomera nati, "Anali anthu ngati ife, mwana wanga. Anali kuphika, kupesa tsitsi ndi kulera ana."

KUBWERERA KWAO

Madzulo anakweranso sitima. Mtsikana anagona msanga, koma mnyamata anaturutsa buku lace ndi pensulo, nayamba kujambula cipata ca Bootham Bar monga anacikumbukira. Atate anafunsa, "Kodi waona miyala yokha-yokha?" Iye anati, "Iai, Atate. Caka ca mawa tidzabwerenso, pakuti linga sitinalitsirize." Akulu amati kuona maso a nkhono nkudekha. Mnyamata uja akadakana ulendo, sakadaona zonsezi; ndipo akadapanda kumvera atate wace, akadaononga cimene anthu ambiri anacisunga mobvutikira.

MAU OFUNIKA KUWADZIWA

Linga: khoma kapena mpanda wolimba wochinjiriza mudzi kwa adani.
Mtumbira: dothi lounjikidwa motalika.
Fano: cifanizo ca munthu cosemedwa pa mwala, mtengo kapena citsulo.
Ngowe: citsulo copindika copacikapo zinthu.

MAFUNSO

1. Chulani mitsinje iwiri ya ku York. Aroma anasankhiranji malowo?
2. Septimius Severus anabadwira kuti, nanga anamwalira liti?
3. Akulu a mzinda anafuniranji kugwetsa linga m'caka ca 1800?
4. Ozima moto anagwetseranji denga mwadala?
5. Cifukwa ninji nsapato za a Viking sizinaole?
6. Kuyambira caka ca 71 kufikira caka ca 866 panapita zaka zingati?

ZOCITA

Funsani akulu a kwanu za cinthu cakale koposa ca m'dera lanu, kaya ndi nyumba, manda a mafumu, phanga kapena mtengo wa mbiri. Lembani mizere 10 yofotokoza mbiri yace, amene acisamala, ndi cimene ana a sukulu angacite kuti cisaonongeke.