Musathamangire kulemera kwa guandao

Ana anga, ndimaona momwe maso anu amawalira m'mafilimu a ku China akatulukira munthu wa ndevu zazitali, ali pa hatchi, atanyamula chikwanje chachikulu cha mpini wautali ngati msinkhu wake. Chida chimenecho amachitcha guandao. Ndipo funso lanu loyamba limakhala limodzimodzi: chimalemera bwanji? Funso limenelo ndi lomwe linandiwonongera phewa lakumanja, choncho tiyambire pomwepo.

Dzinali linachokera kwa Guan Yu, mkulu wa asilikali wa ku China amene anaphedwa kumayambiriro kwa chaka cha 220. Buku la Sanguo Yanyi, lomwe linalembedwa patapita zaka zoposa 1,000 mwiniwakeyo ali m'manda, limati chida chake chinkalemera ma jin 82. Pa muyeso wa nthawi ya ufumu wa Ming, kumeneko n'kungotsala pang'ono kufanana ndi thumba la feteleza la makilogalamu 50. Nkhani ndi yokoma, koma ndi nthano. Chithunzi chakale chodziwika cha chida chotere chili m'buku la asilikali la Wujing Zongyao, la m'zaka za m'ma 1040, mu ufumu wa Song, ndipo akatswiri a mbiri amakayikira zoti Guan Yu anachigwirapo n'komwe. Mao Yuanyi, amene anasonkhanitsa buku la Wubei Zhi la mu 1621, sanabise mawu: iye ankachiona ngati chida chophunzirira ndi choonetsera nyonga, osati chopita nacho kunkhondo. Zolemera zenizenizo zinalipo, inde. Pa mayeso a usilikali a ufumu wa Qing, omwe anathetsedwa mu 1901, munthu ankazunguza cha ma jin 80, 100 kapena 120, kuwonjezera pa kukoka uta wolimba ndi kunyamula chimwala. Koma amenewo anali mayeso a mphamvu, ndipo olowa mayesowo ankakhala atakonzekera zaka.

Ine zonsezi sindinkazidziwa. Ndinapita kwa wowotcherera zitsulo, ndinamuuza kuti andipangire cholemera ndithu, mpini wa paipi. Safunsa anadya phula. Sipanathe mwezi, mkono unayamba kukana kukwera kupitirira khutu. Mphunzitsi wanga atachiona anangochitsamiritsa kukhoma n'kundipatsa ndodo. Miyezi yotsatira inathera pa kaimidwe: mabu, pomwe umatang'adza n'kutsika ngati wakwera hatchi, ndi gongbu, pomwe bondo lakutsogolo limapindika pamene mwendo wakumbuyo wawongoka. Ndinkaona ngati akundichedwetsa. Ntchafu zinkanjenjemera, thukuta kamukamu, chikwanje osachigwira.

Chimene ankafuna kuti thupi langa limve ndi ichi: guandao sayendetsedwa ndi mikono. Kulemera kwake kuli kutali, kunsonga, ndipo mkono ukafuna kulimbana nako wokha, phewa ndi lomwe limalipira. Mphamvu imayambira kuchidendene, imakwera ndi mwendo, chiuno chimaitembenuza, manja amangoiperekeza. Inu munatemapo mtengo ndi nkhwangwa, ndiye mukuzidziwa kale. Wodziwa kutema salimbitsa manja onse awiri pamalo amodzi. Dzanja lakutsogolo limatsetsereka pampini, ndipo nkhwangwa imagwa ndi kulemera kwake. Apanso n'chimodzimodzi. Dzanja lamanja limagwira pafupi ndi pomwe chitsulo chakumana ndi mpini, lamanzere kumbuyo, ndipo mpata wa pakati pawo umasinthasintha. Mukafinya mpini ngati wina akufuna kukulandani, chida chimauma, inunso mumauma nacho.

Pali mawu omwe aphunzitsi a ku China amakonda kubwereza, onena kuti pa chikwanje chachikulu choyang'ana ndi mbali yakuthwa. Apa ndikhalitsepo, chifukwa ambiri amene amaoneka bwino pa Facebook amagwera pomwepa. Kaya mukutema kuchokera pamwamba, komwe amati pi, kaya mukutema chokweza kuchokera pansi, komwe amati liao, mbali yakuthwa iyenera kuloza komwe chida chikupita, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ikapendekeka pang'ono pokha, simukutema, mukumenya ndi chibenthu cha chitsulo. Wokuonerani ali patali sangazindikire, koma khutu lanu lidzakuuzani. Kutema kowongoka kumalira mopyapyala, fyuu, pamene kopendekeka kumangoti phuu ngati mukupeta ndi lichero, ndipo mpini umafuna kupotokola dzanja. Mukamva kupotokolako, chepetsani liwiro mpaka pomwe mungathe kuiona mbali yakuthwayo ndi maso paulendo wake wonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuzunguza n'kosavuta, mwana aliyense akhoza. Chovuta ndi kuimitsa. Chitsulo chikathamanga sichifuna kuima, ndipo mukachiimitsa mwadzidzidzi ndi mkono wowongoka, chigongono ndi phewa zimalandira nkhonya yonse. N'chifukwa chake mayendedwe a chida chimenechi ali ozungulira: pothera kutema kumodzi ndi pomwe kwina kumayambira, phazi likusuntha, chiuno chikutsogolera. Pomwe pafunika kuimadi, tsikani m'miyendo, nthaka ilandire kulemerako.

Musaiwale kumbuyo. Kumapeto kwa mpini kumakhala chisonga chachitsulo chomwe chimathandiza kuti kulemera kusapendekere mbali imodzi, komanso n'chobayira. Ophunzira atsopano maso amakhala pa chikwanje, ndipo amene amavulala ndi mnzawo amene waima kumsana. Musanayambe, tambasulani chidacho, muzungulire nacho pang'onopang'ono, muone ngati palibe mwana, galu kapena chingwe choyanikira zovala. Chophunzirira chikhale chobuntha ndi chopepuka. Samalaninso msongolo wa mwendo wakutsogolo, chifukwa kutema kotsika kumadutsa pafupi nawo.

Ku Chenjiagou, m'chigawo cha Henan, komwe kunachokera masewera a nkhondo a taijiquan a banja la Chen, ali ndi ndondomeko ya chida chimenechi yotchedwa Chunqiu dadao. Dzinalo limakumbutsa buku lakale la mbiri lomwe amati Guan Yu ankakonda kuwerenga. Kumeneko mwana amayamba ndi manja okha, zida zimabwera pambuyo, miyendo itakhwima. Ngati eni ake amadikira chotero, sindiona chifukwa choti inu mudumphe.

Mawa m'mawa pezani ndodo yowongoka yofika pamutu panu. Kumapeto kumodzi mulembe mzere ndi khala, mbali imodzi yokha, ndipo mzerewo ndiwo mbali yakuthwa. Imani pa gongbu, temani kuchokera pamwamba pang'onopang'ono, maso pa mzerewo, kenako sinthani mwendo ndi dzanja kuti mbali yakumanzere isatsalire. Phewa likayamba kubaya, lekani tsiku limenelo. Loweruka mubwere nayo ndodoyo kuno, ndidzamve momwe ikulirira.