MAU A CHINGEREZI ONENA ZA KUTSIKA KWA ZINTHU

Dziko la Thyolo, limene Azungu akale analilemba kuti Cholo, ndi dziko la mapiri, la mvula yambiri ndi la dothi lofiira. M'menemo muli minda yaikulu ya tiyi. Anthu ambiri a m'midzi yoyandikana nayo apeza ndalama za mchere, za sopo ndi za zobvala mwa kuthyola masamba, kupalira m'mizere, kapena kugwira nchito m'fakitale. Koma makalata a ku ofesi ndi mbiri ya malonda a tiyi zilembedwa kawirikawiri m'Chingerezi. Chifukwa chache mwana wa sukulu ayenera kudziwa mau amene Angerezi anena pamene chinthu chilikutsika. Mauwo ndi ambiri, ndipo salingana. Liu lililonse liuza munthu ngati chinthucho chatsika msanga kapena pang'onopang'ono, ndiponso ngati chidzakweranso.

Mau oyamba ndiwo "fall" ndi "drop," ndiko kunena kugwa kapena kutsika. Za dzulo anena "fell" ndi "dropped." Mauwa ali ndi anzao awiri ang'onoang'ono, "by" ndi "to," amene asokoneza anthu ambiri. Mai wina athyola masamba olemera makilogalamu 40 tsiku Lolemba, koma Lachiwiri sikelo ionetsa 30 okha. Kalaliki akhoza kulemba kuti "fell by 10," ndiko kuti masamba achepa ndi 10. Kapena "fell to 30," ndiko kuti atsika kufikira 30. "By" anena chimene chachoka. "To" anena chimene chatsala. Wosokoneza mau awiriwa sangathe kuwerengera bwino malipiro a mai wache. Liu lina lofanana nao ndilo "decrease," kuchepa, limene lipezeka kwambiri m'mabuku a ku ofesi.

"Dip" ndiko kutsika pang'ono kwa kanthawi, monga mkazi amiza chikho mumtsuko nachiturutsanso. Tiyi aphuka kwambiri m'nyengo ya dzinja, kuyambira December kufikira April. Ikafika nyengo ya chisanu ndi ya chilimwe, masamba achepa, madengu sadzaza msanga, ndipo anthu ena olembedwa nchito ya kanthawi abwerera kwao. Koma mvula ikagwa, zitsamba ziphukanso. Munthu wanzeru sachita mantha ndi "dip". Asunga chimanga ndi kandalama m'miyezi yabwino kuti adye m'miyezi yoonda.

"Decline" ndi liu lolemera koposa. Linena kutsika kopitirira chaka ndi chaka. Kale mbeu yaikulu ya Azungu a m'mapiri a Shire inali khofi, ndipo pofika chaka cha 1900 khofiyo ndiye anali malonda oposa onse a dziko lino. Pambuyo pache kunadza chirala ndi tizirombo, ndipo dziko la Brazil linakolola khofi wambirimbiri, kotero kuti mtengo wogulira unatsika pa dziko lonse. Minda ya khofi inayamba kusiyidwa umodziumodzi. Kumeneko ndiko "decline." Eni minda anayesa thonje ndi fodya, ndipo ena anatembenukira ku tiyi, amene anabzalidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891, nafika ku Thyolo m'chaka cha 1908.

"Slump" ndiko kugwa kwakukulu kwa malonda, monga chipupa cha dothi chigumuka ndi mvula. M'chaka cha 1929 malonda anaonongeka ku New York, ndipo bvutolo linafalikira ku maiko onse. Tiyi wa ku Nyasaland anali kugulitsidwa ku London, ndipo kumeneko kunadzaza tiyi wochokera ku India, ku Ceylon ndi ku Java, wopanda ogula okwanira. Mtengo wogulira unagwa kwambiri, makamaka m'chaka cha 1932. Malonda akagwa motero, bvuto silitsala ku msika kokha. Lifika kwa wothyola, kwa kapitao, ndi kwa mwana wofuna buku ndi sileti. M'chaka cha 1933 maiko akulu olima tiyi anapangana kuti achepetse tiyi wotumiza kunja, ndipo mtengo unayamba kukweranso. Kukweranso kotere Angerezi akutcha "recover," monga munthu wodwala achira. Mtengo ukagwa mofulumira kwambiri, monga mwala woponyedwa m'chitsime, anena "plunge."

Liu loopsa kuposa onse ndilo lofatsa m'makutu: "dwindle." Linena kuchepa pang'onopang'ono mpaka chinthu chitsala pang'ono kutha, monga mtsinje uphwa m'mwezi wa October. Phiri la Thyolo linali ndi nkhalango yowirira, ya mitengo yaitali yosayoyola masamba. M'menemo munali kambalame kosowa, kamene anzeru a mbalame anakatcha dzina la phirilo, Thyolo alethe. Anthu anachuruka, malo olima anachepa pakati pa minda ya tiyi, ndipo wina anadula mtengo wa nkhuni, wina anatsegula kamunda, wina anacheka matabwa. Palibe tsiku limene munthu anati, "Lero nkhalango yagwa." Koma m'zaka za m'ma 1990 ndi zoyamba za m'ma 2000 nkhalango yambiri inatha, nikutsala kachigawo kakang'ono. Akulu amati, pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo mauwa ali oona pa kutola ndi pa kutaya pomwe. "Slump" amveka ndi aliyense, pakuti adza ndi phokoso. "Dwindle" adza mwakachetechete, ndipo chimene chatha motero sichibwerera msanga.

Komatu si kuchepa konse kuli koipa. Masamba akafika ku fakitale, ayamba ayalidwa m'malo opita mphepo kwa maora ambiri, kuti madzi a m'kati mwao achepe ndi kuti afewe. Nchito imeneyi itchedwa "withering," kuchokera ku liu lakuti "wither," kufota. Chimanga chikafota m'munda, mwini alira. Koma tiyi akafota bwino m'fakitale, mwini akondwa, pakuti tsamba losafota silipereka tiyi wokoma.

Chotero mwana akamva liu la Chingerezi lonena za kutsika, asafulumire kunena kuti, "Zagwa," ndi kuleka pomwepo. Ayambe wafunsa mumtima mwache: Chatsika ndi chiani? Chatsika ndi zingati, kufikira pati? Kodi chidzakweranso chokha, kapena chifuna kuti anthu achitepo kanthu? Mwana wodziwa kufunsa motero adzawerengera makolo ache kalata moona, osawaopsa pachabe, ndiponso osawabisira tsoka limene lilikudza.

MAFUNSO

1. Fotokozani kusiyana kwa "fell by 5" ndi "fell to 5."
2. Ndi liu liti loyenera kuchepa kwa masamba a tiyi m'nyengo ya chilimwe?
3. Tchulani zifukwa zitatu zimene zinagwetsa ulimi wa khofi.
4. Kodi maiko olima tiyi anapangana chiani m'chaka cha 1933?
5. Tchulani chinthu chimodzi cha m'mudzi mwanu chimene chilikuchepa pang'onopang'ono, nimulembe chiganizo cha Chingerezi chokhala ndi liu lakuti "dwindle."