Dziwani ufulu wanu: funsani musanakwere sitima ya eni

Malawi alibe nyanja ya mchere, koma mu 2025 sitima zina zonyamula mafuta zinapezeka zikuyenda ndi mbendera yathu mwachinyengo. Eni ake amazemba zilango zomwe mayiko anaikira Russia ndi Iran. Amasintha dzina la sitima, amazimitsa kachipangizo kosonyeza pomwe ili, n'kukhuthulirana mafuta pakati pa nyanja usiku.

Mwina mukuti za kunyanja zikukhudza bwanji munthu wa ku Malosa. Taganizani za mnyamata amene walandira uthenga pa WhatsApp womulonjeza ntchito ya m'sitima ndi malipiro a madola. Sitima yotere ikagwidwa, eni ake amasowa, antchito n'kutsala padoko lachilendo opanda malipiro, opanda tikiti yobwerera. Zimandiwawa kuti makolo angagulitse mpunga wawo wonse wa ku Domasi kuti mwana apite kumeneko.

Ngati mwalonjezedwa ntchito yotere, dziwani kuti lamulo likukupatsani ufulu wofunsa boma ndi kuyankhidwa. Lemberani Dipatimenti ya za Pamadzi kuti akuuzeni ngati sitimayo inalembetsedwadi kuno. Akakukanizani, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission.

Pitaninso ku ofesi ya zantchito ku Zomba. Tengani chiphaso chanu cha unzika, kalata ya mgwirizano wa ntchito, mauthenga onse a pafoni, malisiti, ndi nambala ya IMO ya sitimayo. Nambalayi ili ndi manambala 7 ndipo sisintha ngakhale dzina lisinthe.

Wina akakulandani pasipoti, kanenereni kupolisi ya Domasi tsiku lomwelo.