Mlandu wa Mwana Sutha ndi Mbuzi

Abale ndi alongo a m'midzi, phunziro la mwezi uno liri la malamulo a Boma ocinjiriza ana kwa anthu owaipsa. Ambiri alakwa posadziwa, natenga mlandu wotere monga kanthu ka pabanja. Tamvani tsono.

1. Mwana ndani? Caka ca 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza lamulo lalikuru la dziko la Malawi, kuti yense wosafika zaka 18 ndiye mwana. Kungakhale wabvinidwa cinamwali, ngakhale msinkhu wace uoneka waukuru, pamaso pa Boma akali mwana.

2. Munthu wamkuru wogona ndi mwana wapalamula mlandu woopsa, ndipo bwalo likhoza kumtsekera m'ndende moyo wace wonse. Kale lamulo linacinjiriza asungwana osafika zaka 13 okha. Caka ca 2011 anakweza zakazo zikhale 16, ndipo ca 2023 anazifikitsa pa 18. Asanene munthu, Anabvomera yekha, kapena, Ndinampatsa sopo ndi ndalama. Pakuti mau otere sampulumutsa.

3. Lamulo la maukwati la 2015 liletsa ukwati wa wosafika zaka 18. Lamulo losamala ana la 2010 liletsa kukakamiza mwana akwatiwe, ndi kumlowetsa m'miyambo yoononga moyo wace. Lina la 2015 lilanga iwo akugulitsa anthu, monga aja anyenga makolo ndi nchito ya m'tauni, nakaika mwana m'nyumba za ciwerewere.

Cacikuru ndi ici. Zikacitika zotere, acibale akonda kuunjikana m'tseri, wolakwa nalipa mbuzi, nati, Tisacititse manyazi mtundu. Mbuzi idyedwa, koma bala litsala mwa mwana, ndipo wolakwayo afuna mwana wina. Mlandu uwu suli wa ankhoswe, kapena wa nyakwawa, kapena wa akuru a mpingo. Uli wa Boma, angakhale wocimwayo ndi malume, mphunzitsi, kapena mkristu mnzathu.

Cifukwa cace mwana akaulula, mumvere, osamkalipira. Mupite naye ku cipatala asanapite masiku 3, pakuti m'masiku omwewo mankhwala oletsa kacirombo ka Edzi agwira nchito. Mukanenenso kupolisi, kapena muimbe lamya pa 116.

Makolo athu anati, Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mafunso: Ubwana utha pa zaka zingati? Aweruza mlandu wotere ndani? Nanga inu, mwana wa mnansi wanu akakuululirani, mudzayamba kuti?